Mafunso ndi mayankho: kuphunzitsa okonza m'kati mwa nyumba kusamala chilengedwe

Ndimaphunzitsa achinyamata ntchito yokonza ndi kukongoletsa m'kati mwa nyumba, imene ambiri m'tauni muno amangoti interior design. Ine ndinalowera ku ukalipentala, choncho mukaona ndikukhalitsa pa nkhani ya matabwa musadabwe. Mafunso awa amandipeza kawirikawiri kuno ku Blantyre, ena kuchokera kwa ophunzira, ena kwa makolo olipira fizi, enanso kwa aphunzitsi anzanga.

Kodi kusankha makatani ndi penti kukukhudzana pati ndi chilengedwe?

Khoma limamangidwa kamodzi n'kukhala zaka 50 kapena kuposerapo. M'kati simukhalitsa choncho. Yendani mu Haile Selassie Road kapena mu Limbe muone shopu ikasintha wochita lendi: siling'i, mashelefu, kauntala, kapeti, zonse amagwetsa, lole n'kubwera kudzatuta ulendo wa kotayira zinyalala ku Mzedi. Pakapita zaka zochepa wina abweranso ndi maganizo ake. Ndiye pa nyumba imodzi yomweyo, wokonza m'kati amaitanitsa matabwa, guluu ndi penti kangapo konse, pomwe womanga anaitanitsa njerwa kamodzi.

Matabwawo sagwa kumwamba. Amene tinakulira mumzinda uno tikukumbukira phiri la Ndirande lili bii ndi mitengo, lisanametedwe mpala m'zaka za m'ma 1990. Timakonda kuloza chala ootcha makala, koma bedi, chitseko, felemu ndi njerwa zootcha nazonso zinadya nawo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mvulayo inalidi yoopsa, koma inapezanso phiri lopanda mizu yokwanira yogwira dothi. Pamenepa sindivutika kufotokoza. Ena mwa ophunzira anga amachokera komweko.

Mumaliphunzitsa ngati phunziro lapadera?

Ndinayesapo, sizinathandize. Ndinkapatula ola limodzi pa sabata, n'kuwalembera pa bolodi mfundo ya lipoti la Brundtland, la bungwe la United Nations, la 1987, yoti tizipeza zosowa zathu lero osalanda za obwera m'mbuyo mwathu. Ankailoweza bwinobwino, mayeso n'kukhoza, kenaka ola lotsatira n'kujambula khitchini ya mlombwa kuyambira pansi mpaka kudenga.

Tsopano ndinasintha. Chilichonse chimene wophunzira walemba pa pulani yake, kaya ndi tailosi, kaya ndi nsalu ya katani, ayankhe mafunso atatu pambali pake. Chachokera kuti? Chikhala zaka zingati, ndipo chikawonongeka angachikonze ndani kuno? Chikatha ntchito chidzapita kuti? Wina anandilembera kuti matailosi ake achokera "ku shopu ya ku Limbe". Ndinamubwezera. Shopu siumba matailosi. Anapita kukatembenuza katoni, n'kupeza kuti anaoloka nyanja, anatsikira ku doko la Beira kapena Nacala, n'kukwera lole kudzafika kuno. Sindinamuletse kuwagwiritsa ntchito, pakuti tailosi labwino limakhalitsa ndipo m'bafa muli madzi. Ndinangofuna adziwe chimene akuitanitsa.

Kalasi yoyamba imakhala yotani?

Siikhala m'kalasi. Timakwera minibasi kupita kumsika wa Ndirande, kumene kuli macheka, okhoma zidebe, owotcherera ndi ogulitsa matabwa malo amodzi. Aliyense anyamule thabwa, alinunkhize, alikande ndi chikhadabo. Paini ndi wopepuka, amanunkha utomoni, chikhadabo chimalowa. Bulugamu ndi wolemera, ndipo akachekedwa wamuwisi amapindika n'kung'aluka akamauma. Mlombwa ukadulidwa umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Izi sungazidziwire pa foni.

Chaka china mtsikana wina anafunsa wogulitsa kuti, "Madala, thabwa ili lachokera kuti?" Bamboyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuti, "Mwana wanga, funso limenelo amafunsa ndi a zankhalango. Iwe wabwera kudzagula kapena kudzandigwira?" Tonse tinaseka, iye yemwe anaseka, koma sanayankhe. Titabwerera ndinawauza kuti alembe zimene aphunzira pa kusayankhako.

Ulendo wachiwiri timapita ku Mandala House, nyumba ya 1882 yomangidwa ndi njerwa zadothi, yokhala ndi khonde lotambalala lotchinga makoma ku dzuwa ndi mvula. Timadutsanso pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumbidwa konkuno. Ndimawafunsa kuti: mwa zonse mwajambula sabata ino, n'chiti chidzafike zaka ngati zimenezi?

Ndi matabwa ati amene mumalola, ndi ati mumakaniza?

Mkungudza ndimakaniza, palibe kukambirana. Kwawo kwenikweni ndi phiri la Mulanje lokha, unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, ndipo chimene chinauphetsa ndi ubwino wake womwe: umanunkhira, suola msanga, chiswe chimauopa. Kafukufuku wa m'phirimo mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Munthu akakutsatsani thabwa latsopano la mkungudza, dziwani kuti nkhani yake si yoongoka.

Mbawa ndi mlombwa ndi mitengo yachilengedwe yofuna zaka makumimakumi kuti ifike pochekedwa, mlombwa ndiye wochedwetsetsa. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chilolezo podula ndi kugulitsa mitengo yotereyi. Wophunzira azolowere kupempha mapepala. Kunja kuli chizindikiro cha FSC chosonyeza kuti matabwa achokera m'nkhalango yosamalidwa, koma pamsika wa kwathu kuno simuchipeza, ndiye chimene chatsala ndi kufunsa ndi kudziwa wogulitsa wako.

Paini wa ku Chikangawa kapena ku Zomba, ndi bulugamu, ndi mitengo yochita kubzalidwa ndipo imakula msanga. Ntchito zambiri za m'nyumba imakwanitsa, bola iume bwino ndi kupakidwa mankhwala a chiswe. Komabe osamanama kuti paini alibe mlandu. Aliyense wodutsa msewu wa ku Mzuzu waona mmene Chikangawa inapululukira ndi moto komanso kucheka kosabwezera.

Amene ndimawakonda kuposa onse ndi matabwa akale. Nyumba ikamagwetsedwa ku Sunnyside kapena ku Namiwawa, zitseko, mafelemu ndi mitanda ya denga nthawi zambiri zimakhala za mitengo yolimba imene inauma kalekale. Uchotse misomali, upale, upeza thabwa loti lero sungaligule. Ingosamalani penti yakale yomwe ili pamenepo, ndifotokoza m'munsimu.

Nanga kasitomala akaumirira kuti akufuna mlombwa basi?

Funso limeneli amafunsa ndi ophunzira amene ayamba kale kugwira maganyu, ndipo ndi funso lenileni. Mwana wa zaka 22 sangaime pamaso pa bwana womanga nyumba ku Chigumula n'kuyamba kumulalikira za mitengo. Amuuza kuti zikomo, n'kuitana wina.

Ndimawaphunzitsa kupita ndi makotesheni awiri kapena atatu, ndi tizidutswa ta matabwa topaka kale vanishi m'chikwama. "Bwana, iyi ndi ya mlombwa yonse. Iyi thupi ndi paini, mlombwa uli pa zitseko ndi m'mphepete mokha, kuoneka kwake n'chimodzimodzi, mtengo watsika chonchi. Iyi ndi ya zitseko zakale." Ambiri amasankha yachiwiri, osati chifukwa chokonda nkhalango, koma chifukwa cha thumba. Ine zimenezo sizindidandaulitsa. Thabwa limene likanathera kabati imodzi lakwanira makabati anayi.

Ndipo ngati mlombwawo ugwiritsidwebe ntchito, upite pa chinthu chimene adzukulu adzachipeze, monga tebulo lodyera. Kuukhomerera kukhoma la ofesi ya lendi, kumene adzaugumule pakatha zaka zitatu, kumeneko ndiye kulakwa.

Kodi mabolodi a MDF ndi chipboard si abwino, poti amapangira zinyenyeswa za matabwa?

Mbali ina n'zoona. Koma ndikuuzeni zimene zinandionekera. Ndikuyamba kumene ntchito, ndinakonzera mayi wina ku Chilomoni khitchini ya chipboard, yoyera mbee, aliyense wolowa ankayamikira. Sipanathe zaka ziwiri foni inalira: "Bambo, tabwerani mudzaone ntchito yanu." Paipi ya pansi pa sinki inkadontha pang'onopang'ono, ndipo bolodi linali litafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi. Mahinjesi anali lendelende, sikuluu ukaimanga imangozungulira. Kuseri kunali chuku chokhachokha. Panalibe chokonza. Paini akananyowa tikanamuyanika, kupala, kubwezera. Izi tinangotaya, ndipo cholakwa chinali changa, chifukwa ndinadziwa kuti pamenepo pamadutsa madzi.

Ndiye lamulo la m'kalasi mwanga ndi ili: mabolodi amenewa asayandikire sinki, bafa, kapena pansi pamene amakolopa tsiku ndi tsiku. Kuno kulinso chiperoni cha Juni ndi Julayi, pamene chinyezi chimalowa mpaka m'mawadiropu.

Chinanso ndi guluu wake. Ambiri mwa mabolodiwa amamatidwa ndi guluu wotulutsa mpweya wa formaldehyde, umene bungwe lofufuza za khansa la IARC linauika mu 2004 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Fungo loswa m'maso lija mukatsegula kabati yatsopano ndi limenelo. Mbali zonse zochekedwa zimatidwe kapena zipakidwe, chipinda chipitidwe mphepo, ndipo wocheka avale chotchinga pamphuno. Zidutswa zake musasonkhezere moto wophikira.

Pa penti mumawauza chiyani?

Choyamba, mtovu. Penti ina yamafuta, makamaka yachikasu ndi yofiira, imakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana ngakhale utalowa pang'ono, ndipo zimenezo sizibwerera. Muyezo umene bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, limalimbikitsa ndi wosaposa 90 ppm, kutanthauza magawo 90 a mtovu pa magawo miliyoni imodzi a penti. Wophunzira aphunzire kuwerenga chitini, kuyang'ana chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo m'chipinda cha ana kapena ku sukulu ya mkaka asankhe penti yosungunula ndi madzi. Penti yakale ya pa zitseko zija musaikwechese ndi sandipepa youma ana ali pomwepo, fumbi lake ndiye loopsa.

Chachiwiri, wopentayo. Pali chikhulupiriro pakati pa amisiri choti ukamwa mkaka ukaweruka, thina yense amene wapuma amatsukika. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma supita m'mapapo. Tsegulani mawindo. Ndipo madzi otsukira mabulashi asathiridwe m'ngalande, chifukwa ngalande zambiri za mumzinda uno zimakathera mu Mudi, umene fungo lake tonse timalidziwa tikamaoloka pa mlatho.

Ndiye kuti zakwathu, monga nsungwi, mlaza ndi dothi, n'zabwino nthawi zonse?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ophunzira okonda kutengeka amagwa. Njerwa yootcha ndi yakwathu, koma uvuni umodzi umameza mitengo yambirimbiri. N'chifukwa chake malamulo a 2018 a bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Njereza nayo ndi yabwino pakhoma, imalola khoma kupuma ndipo chuku sichiikonda, koma yootchedwa m'mauvuni a kumudzi imadyanso nkhuni. Funso lija la "chachokera kuti" silisiya chinthu chifukwa choti n'chakwathu.

Nsungwi ndimaitama: imakhwima pa zaka 3 mpaka 5, ndipo ukadula tsinde limaphukanso. Vuto lake ndi kufumbwa. Idulidwe yokhwima, nyengo yachilimwe, iviikidwe m'madzi a borax, kapena m'madzi oyenda kwa masabata angapo monga ankachitira makolo, kenaka iume pamthunzi. Ukadumpha zimenezi, pakatha miyezi ingapo kasitomala azisesa ufa pansi pa shelefu m'mawa uliwonse, ndipo sadzafunanso kumva za nsungwi moyo wake wonse.

Chimene chimandipweteka ndi china. Mkeka, mphasa, dengu, mpando woluka, pansi pozira ndi mtsiro, wophunzira amaziona ngati zachimidzimidzi, zosayenera kuoneka pa pulani. Koma malo ogona alendo a kunyanja ndi ku Mulanje amakongoletsera zomwezo, alendo n'kumalipira madola. Ndimaitana mayi woluka kuti adzaphunzitse tsiku lathunthu, ndipo ndimamulipira ngati mphunzitsi, ophunzira akuona. Wokonza nyumba amene amanenerera mtengo wa dengu mpaka wolukayo kutsala wopanda phindu, kenaka n'kukaligulitsa kakhumi, asandiuze za kusamala chilengedwe.

Za magetsi zimalowa bwanji, poti si ife amisiri a magetsi?

Timayamba ndi masamu a pulayimale. Babu lakale la mawati 60 ndi la LED la mawati 9 amawala pafupifupi mofanana. Kusiyana kwake ndi mawati 51. Likamayaka maola 5 patsiku kwa masiku 30, ndi mayunitsi oposa 7 pamwezi pa babu limodzi. Nyumba ya mababu 10, mayunitsi 76. Kasitomala aliyense wogula mayunitsi a ESCOM pa foni amamva chinenero chimenechi.

Kenaka dzuwa. Blantyre ili kummwera kwa equator, choncho m'miyezi yozizira dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo windo loyang'ana kumpoto limalowetsa kafunduzi nthawi imene timakafuna. Windo lakumadzulo ndilo limasandutsa chipinda uvuni masana a Okutobala. Mabuku ambiri amene tili nawo analembedwa ku Ulaya ndi ku America, kumene nkhani yake ndi yotembenuza, ndiye wophunzira wongokopera amaika zinthu chagada. Ndimawatuma kukayesa chipinda masana magetsi atazimitsidwa: kodi mungawerenge nyuzi pakati pake? Ngati ayi, onani kaye katani yolemerayo, khoma lakudalo, ndi kabati imene yatchinga windo, musanawonjezere babu. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tinaona zipinda zimene zinkakhalika popanda magetsi ndi zimene zinali mapanga.

Khitchini ndiye pamene timadzinamiza kwambiri. Wophunzira amajambula kuka yamagetsi yonyezimira, pomwe banjalo nyemba limaphikira pa mbaula kuseri kwa nyumba. Jambulani zoona. Pakhale malo a mbaula okhala ndi denga koma opita mphepo, pakuti utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha mwakachetechete. Ngati akugwiritsa ntchito gasi, silinda ikhale ndi malo ake opuma. Mukawapatsa malo abwino a mbaula yosunga moto, thumba la makala limakhalitsa.

Nanga madzi?

Madzi ambiri a mumzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera chitunda, ndi magetsi. Mpopi wodontha ukutaya zonse ziwiri. Sankhani mipopi imene mawashala ake amapezeka mu Limbe, thanki ya chimbudzi ya mabatani awiri, ndipo m'bafa musiye malo a ndowa ndi mgolo, chifukwa adzakhalamo ndithu, mufune musafune.

Kodi tiyenera kuphunzira LEED ndi EDGE?

Awa ndi masatifiketi osonyeza kuti nyumba yamangidwa mosamala chilengedwe. Muwadziwe, chifukwa mabanki ndi mabungwe akunja akamamanga amawatchula. LEED ndi ya ku America. EDGE ndi ya IFC, nthambi ya World Bank, ndipo imafuna kuti nyumba ipulumutse 20 peresenti pa magetsi, pa madzi, ndi pa zipangizo zomangira. Ndimapatula masiku awiri. Koma ntchito zimene ambiri a inu mudzagwire ndi saluni ku Bangwe, sitingirumu ku Machinjiri, ka lesitilanti ku Zingwangwa, ndipo kumeneko palibe adzakufunseni satifiketi.

Zotsala za ku wekishopu mumatani nazo?

Kusataya kumayambira pa pepala. Bolodi limabwera la mamilimita 2440 kwa 1220. Wojambula shelefu yakuya mamilimita 450 amapeza mizere iwiri, n'kutsala chidutswa chosathandiza. Akaitsitsa kufika pa 400 apeza itatu. Palibe wophunzira amagwira sowo asanandionetse mmene adulire bolodi lonse.

Utuchi wa matabwa enieni amatenga oweta nkhuku. Wa MDF ndi wa matabwa opakidwa mankhwala timaupatula. Tizidutswa ta zitenje timakatola kwa matelala n'kusokera mapilo, ndipo makatani ambiri abwino ndawapeza pa kaunjika. Mapaleti, matabwa osanjikapo katundu aja amene achinyamata akuwakonda masiku ano, yang'anani chidindo chake: HT ndiye kuti anangowatenthetsa, MB ndiye kuti anafukizidwa ndi mankhwala a methyl bromide, amenewo asiyeni. Lopanda chidindo, kapena lothimbirira ndi zinthu zosadziwika, lisakhale bedi la mwana.

Mumachonga bwanji ntchito yotere?

Kukongola kuli ndi malikisi ake, sindikunyoza. Koma ndimatenganso sikuludiraiva n'kuyesa kumasula. Mpando womangidwa ndi masikuluu ndi mfundo zabwino umaphwasulika n'kukonzeka. Womatidwa guluu paliponse ndi kukhomedwa misomali yambirimbiri ukathyoka mwendo umodzi wathera pomwepo. Ntchito ya teremu yoyamba sindiichongeratu yonse. Timaisiya igwire ntchito, idutse dzinja, ndipo malikisi otsala ndimapereka tikaiona mmene yatulukira.

Ndine kholo. Mwana wanga akaphunzire kuti, ndipo zimenezi adzadya nazo?

Ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic, pa Chichiri, amaphunzitsa zojambula mapulani a nyumba. Makoleji a ntchito zamanja a pansi pa ndondomeko ya TEVETA, monga Soche Technical College, amaphunzitsa ukalipentala ndi zomangamanga. Ambiri amene akugwira ntchitoyi mumzinda muno anadzera khomo limodzi mwa amenewa, kapena anaphunzira pamanja pa mmisiri. Kulikonse kumene apite, mufunseni ngati amawatengera kumsika ndi ku wekishopu, kapena amangokhala pa kompyuta.

Za kudya nazo, sindingakulonjezeni galimoto, mayi kapena bambo. Chimene ndikuona n'chakuti katundu wakunja akukwera mtengo nthawi iliyonse kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo anthu amene kale ankataya sofa tsopano akufunafuna woikonza. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa amagwira ntchito imeneyi pansi pa mtengo wa mango kwawo ku Chirimba. Amang'amba nsalu yakale, amayang'ana felemu ngati ili yolimba, amasintha malamba ndi siponji, n'kukuta ndi nsalu imene mwini wake wasankha. Mafelemu a sofa zakale, akuti, ambiri amawapeza ali a mbawa, ndipo amangowamanganso masikuluu.